Nyenyezi zitatu basi: anatigawira mahotela awiri ku Joni osayang'ana kalendala

Ndikanalemba ndemangayi ndili ku Joni, kampani yogulitsa maulendoyi ikanapata nyenyezi imodzi, nayonso yongowapatsa poti palibe podina ziro. Mtima watsikako, ndiye ndikupereka zitatu. Koma mtsikana wa pa desiki yakutsogolo ku ofesi kwawo uja asaganize kuti pali yake pamenepa.

Amene mumaona zotsatsa zawo pa WhatsApp mukulidziwa phukusi lija la holide ya Ogasiti: ndege, paki ya zokwera ya Gold Reef City, mahotela awiri, ana theka la mtengo. Ife tinalipira mwapang'onopang'ono, masheya anga onse a banki m'khonde anathera pomwepo, bambo a kunyumba nawo anawonjezera. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulendo wotere si wongodzuka n'kumanga chikwama, makamaka ukatenga ana ndi apongozi omwe.

Ku ofesi kwawo ku City Centre ku Lilongwe mtsikanayo anayankhula mokoma ndithu. "Mayi, musataye ndalama kugona pafupi ndi paki masiku onse. Kumapeto kwa sabata tikugonekani ku Kempton Park, kufupi ndi bwalo la ndege, n'kotchipa, mugule zogula zanu. Lolemba musamukire ku hotela ya pafupi ndi paki, ana azingoyenda wapansi." Ndinamufunsa kuti bwanji osayamba ndi pakiyo, zogula zibwere pambuyo. Akuti ayi Mayi, hotela ya ku paki imadula Loweruka ndi Lamlungu, Lolemba mtengo umatsika. Sananame, umatsikadi. Chimene sananene n'chakuti umatsika chifukwa chiyani.

Hotela yoyambayo ilibe nkhani. Madzi otentha analipo, kadzutsa wake ndi buledi, mazira ndi tiyi, ndege zimalira pamutu usiku koma tinali otopa. Loweruka tinathera ku Oriental Plaza ku Fordsburg, tinabwerako ndi makatani ndi mabulangete osati masewera.

Lolemba ndiye linali tsiku. Anatiuza kuti pofika 10 koloko tikhale titatuluka m'chipinda. Katundu anali atachuluka kuposa amene tinabwera naye, moti galimoto imodzi sinakwane, tinaitana Uber ziwiri, ulendo wa makilomita opitirira 30 kudutsa mzinda wonse mpaka ku Ormonde. Ana anali atavala kale nsapato zothamangira, wamkulu akuwerengera mng'ono wake mayina a zokwera amene analoweza pa YouTube. Tikuyandikira, tinaona njanji za roller coaster zitatulukira pamwamba pa mpanda, ana n'kuyamba kukuwa m'galimoto. Dalaivala anatembenuka n'kufunsa m'Chingerezi ngati tikudziwa kuti lero satsegula. Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Tinafika pa geti: zii. Poimika magalimoto mbee, palibe ngakhale basi imodzi. Mlonda anatilozera chikwangwani. Lolemba ndi Lachiwiri paki siitsegulidwa ngati ana a kumeneko ali pasukulu. Tikiti yathu yobwerera inali ya Lachitatu m'mawa.

Taganizani. Phukusi lonse dzina lake ndi pakiyo, ndipo masiku awiri okhawo amene anatigoneka pafupi nayo ndi amene imakhala yokhoma. Masiku amene inali yotsegula ife tinali ku Fordsburg kusankha makatani. Munthu wogulitsa maulendo a ku South Africa chaka ndi chaka sangalephere kudziwa kuti kalendala yawo ya sukulu si yathu. Kuno teremu yachitatu imatha mu Julaye, ana n'kukhala pakhomo mpaka Sepitembala. Kumeneko chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale, ndipo mu Ogasiti ana awo ali m'kalasi. Holide yathu si holide yawo. Zimenezi zili poyera pa webusaiti ya pakiyo, ndipo ntchito yoziwerenga ndi imene tinawalipira.

Tinapita ku hotela yachiwiriyo ndi nkhope zakugwa, kumenekonso n'kupeza zina. Chipinda sapereka isanakwane 2 koloko masana. Ndiye kuchokera 10 koloko mpaka 2 koloko munthu ulibe kwanu, uli pa sofa ya pa risepushoni ndi masutikesi, mwana akulira, nkhalamba ikufuna pogona. Kenaka anapempha khadi ya banki kuti agwire dipoziti. Khadi inakana. Chifukwa chake n'chakuti hotela yoyamba ija inali isanamasule dipoziti yake, ndipo inu mukudziwa mmene mabanki athu akuchepetsera ndalama yogwiritsa ntchito kunja masiku ano a kusowa kwa forex. Mahotela awiri ndi madipoziti awiri ogwidwa nthawi imodzi. Ku ofesi kuja palibe anatchulapo zimenezi. Tinachita kupereka marandi a m'manja amene tinasungira chakudya.

Ndinaimba ku Lilongwe. Foni imangoitana. Pa WhatsApp timizere tiwiri tabuluu, yankho ayi. Atayankha madzulo, mtsikanayo anati, "Komatu Mayi pa pepala paja tinalemba kuti masiku otsegulira amatha kusintha." Ndinamuuza kuti achemwali, palibe chasintha apa, mlonda akuti ndi mmene zimakhalira. Akuti bwana ali ku msonkhano, iye amangogulitsa. Ngakhale pepani wa pakamwa sanatuluke. Chimene chinandiwawa kwambiri si ndalama, koma mawu aja oti "Mayi, mwina muwatengere ana ku mall." Ku mall! Ngati kuti tinakwera ndege kudzaona zimene tikanaziona pa Gateway.

Amene anatipulumutsa tsiku limenelo sali pa malipiro a kampaniyi n'komwe. Bambo wina wonyamula katundu pa hotelapo anamva ndikukalipa pa foni, anayandikira n'kuvula chipewa. "Amayi, ndamva chakwathu. Mwachokera kuti?" Wa ku Dedza, ali kumeneko zaka zambiri. Anatenga masutikesi n'kukawatsekera m'chipinda chosungira katundu, anakayankhula ndi akuluakulu ake mpaka tinapatsidwa chipinda chimodzi nthawi isanakwane kuti apongozi apume, kenaka anatipezera mnzake wa galimoto woti atitengere ku Soweto Lachiwiri pa mtengo wa anthu. Soweto ili pafupi kuchokera pamenepo. Tinayenda mu Vilakazi Street, msewu umene muli nyumba ya Nelson Mandela, nambala 8115, komanso ya Desmond Tutu, n'kufika pa chikumbutso cha Hector Pieterson, mnyamata uja anawomberedwa pa 16 Juni 1976 ana asukulu akuchita zionetsero. Wamkulu wanga ali Fomu 2, anafunsa mafunso mpaka dalaivala anatopa. Tikanakhala ku Kempton Park sitikanaganizako zopita kumeneko.

Lachiwiri madzulo mwini kampani anaimba yekha. Apa ndiwachitire chilungamo. Sanazembe, sanatchule za pepala. Anati, "Mayi, talakwa ndife, ndipatseni mpaka mawa." Anasintha matikiti athu onse kukhala a Lachisanu, chindapusa cha ndege analipira iwo, ndi usiku umodzi wa hotela. Usiku winawo tinalipira tokha, ndipo bambo a kunyumba anachita kupempha masiku owonjezera ku ntchito. Mwayi wake Amalawi timaloledwa kukhala masiku 30 ku South Africa popanda viza, ndiye za mapasipoti sizinavute.

Lachinayi tinalowa. Ndipo pano ndivomere kuti ganizo logona pafupi ndi paki ndi labwino, mtsikana uja anangolipha ndi masiku. Tinadya kadzutsa mosathamanga, tinayenda wapansi, geti likutsegulidwa ife tili kutsogolo. Pamene magulu ena amafika, wamkulu anali atakwera kale Anaconda, ija miyendo imalendewera m'malere, ndi Golden Loop imene imakuponya kutsogolo n'kukubwezanso chafutambuyo. Tower of Terror inandikanika ine, ndinangoima pansi n'kugwira zikwama. Amakukweza pamwamba n'kukugwetsa choimirira mamita pafupifupi 50 kulowa m'dzenje la mgodi. Bambo ake anatsikako atatuwa, osayankhula, mwana akuti tibwerezenso.

Wamng'ono sanakwane mamita 1.3 amene amafuna pa zokwera zikuluzikulu, ndiye munali misozi mpaka tinamupezera za msinkhu wake. Muyezeni mwana wanu kunyumba musanamulonjeze kanthu. Kenaka onse ananyowa pa zokwera za m'madzi, ndipo Ogasiti wa ku Joni si wa kuno. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, mphepo yake imalowa m'mafupa ngati ya pa Dedza mu Juni. Apa m'pamene hotela yapafupi inabweza ndalama yake. Tinabwerera ku chipinda, ana anasintha zovala, apongozi anagonako pang'ono, ndipo zonsezi popanda kuitana galimoto. Tikanakhala kutsidya kwa mzinda, bwenzi tsiku litathera pomwepo kapena ana atadwala chibayo.

Chimene sindinayembekezere ndi apongozi. Tinawatenga poti anakana kutsala, ndipo masiku onsewa amangoti zii. Pakiyo inamangidwa pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, pa shafuti nambala 14 imene inatsekedwa mu 1971, ndipo chinsanja chachitsulo chotsitsira anthu pansi chikadalipo. Atachiona anaima, ndodo ili m'manja, n'kuyamba kufotokozera adzukulu mmene chikepe chimatsikira, mmene makutu amatsekekera, mawu a Chifanakalo, chiyankhulo cha ku migodi, amene akapitawo amakuwa. Iwo anapita ku migodi pa Wenela ali mnyamata, ku mgodi wina osati umenewu. Anabwerera kumudzi Kamuzu ataletsa zolemba anthu, ndege ija itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene amabwerera kwawo. Bambo a kunyumba akuti chibadwire sanawamvepo bambo awo akukamba nkhaniyi motalika chonchi. Ana anaiwala zokwera kwa kanthawi, anakhala pa benchi kumvetsera agogo awo.

Ndiye kwa amene mukundifunsa ku inbox ngati mugule phukusili: kugawa mahotela kumapulumutsadi ndalama, pakuti palibe chifukwa cholipira chipinda chodula tsiku limene ukukazungulira m'mashopu. Kuyamba ndi yotchipa n'kumalizira yabwino kulinso bwino, ana sadandaula akamakwera, amadandaula akamatsika. Koma tsiku losamuka muliwerenge ngati lotayika. Kulongedza, kudikira chipinda, galimoto ziwiri, dipoziti yachiwiri, zonsezi zimadya gawo lalikulu la ndalama imene mumati mwapulumutsa. Ife titawerengera, kusiyana kwake kunatsala kochepa kwambiri moti pa ulendo waufupi sindingavutikenso nazo, ndingagone malo amodzi. Zimakhala ndi phindu ngati mukukhalitsa, kapena ngati malo awiriwo ali otalikiranadi, monga amene amaphatikiza Joni ndi Sun City, kumene ndi ulendo wa maola oposa awiri pa galimoto. Ndipo muli ndi khanda kapena munthu wachikulire, ganizani kawiri, chifukwa maola anayi a pa risepushoni aja amawawa kwambiri iwowo.

Musanapereke ndalama, auzeni akulembereni tsiku ndi tsiku: tsiku lakuti mugona kwakuti, paki idzakhala yotsegula kapena ayi. Tsegulani nokha webusaiti ya pakiyo muli mu ofesi momwemo. Funsaninso kuti galimoto yochoka hotela ina kupita ina alipira ndani, chifukwa pa pepala lathu panangolembedwa zotitenga ku bwalo la ndege ndi kutibwezako, za pakatipo panalibe. Zogula zikuluzikulu muzisiyire kumapeto ngati mungathe, kuti musamayende ndi mabulangete mzinda wonse.

Mwini kampani analonjeza kubweza ndalama ya Uber ziwiri zija, malisiti ndinakasiya ndekha ku ofesi. Amene anawalandira ndi mtsikana yemwe uja, anawaika m'dirowa osandiyang'ana kumaso, akuti ndibwere Lachisanu akaunti akasayina. Dipoziti ya hotela yoyamba nayo siinabwerere mu akaunti yanga mpaka lero. Hotela ikuti inamasula kalekale, banki ikuti ndidikire masiku 30 ogwira ntchito, kampaniyi ikuti zimenezo si zawo. Zikalowa zonse ziwiri ndidzabwera kudzawonjezera nyenyezi yachinayi, ya bwana wawoyo.