Chikwatu cha kaphunzitsidwe: mmene chatigwirira ntchito masemesita awiri

Kumayambiriro a chaka chino dipatimenti yathu ya kuyunivesite inasiya kudalira mafomu okha omwe ophunzira amalembamo maganizo awo pa mphunzitsi posankha mphunzitsi wachinyamata woti tim'patse ulemu. Tinayamba njira ya chikwatu. Assistente (mphunzitsi wa m'makwerero oyamba) aliyense amasungamo dongosolo la phunziro lake, mafunso a mayeso omwe wakonza, ntchito zingapo za ophunzira zomwe wachonga, ndi tsamba limodzi lofotokoza chimene wasintha ndi chifukwa chake. Kuwonjezera apo, anzake awiri amakakhala nawo m'kalasi mwake. Semesita yachiwiri ikutha, ndipo ine ndikuti njirayi ndi yabwino, koma payokha siikwana.

Nkhaniyi imatikhudza kwambiri kuno ku Tete chifukwa masukulu athu ndi a dzulodzuloli. ISPT (Instituto Superior Politécnico de Tete) inakhazikitsidwa mu 2005, UniZambeze inayamba kuphunzitsa mu 2009, ndipo Universidade Púnguè inabadwa mu 2019 pamene Universidade Pedagógica inagawidwa. Kwathu amene amasenza makalasi odzaza a chaka choyamba ndi achinyamata.

Vuto la mafomu linali lodziwika. Timachonga kuyambira 0 mpaka 20. Wosafika pa 10 salowa mayeso omaliza, wofika pa 14 akhoza kukhululukidwa mayesowo. Ndiye mphunzitsi wa dzanja lofewa pa pauta (pepala la magiredi) ndi amene ankatamandidwa, wolimba n'kumatchedwa wankhanza.

Chikwatu chatiwonetsa zina. Mayi wina wachitsikana, amene mafomu ankamuika pansi chaka ndi chaka, amaphunzitsa za matenda a mbewu. Tsiku lomwe ndinapita kukamuwonerera sanalowe n'komwe m'kalasi. Anatitengera ku dimba la mbatatesi m'mamawa mame asanaume, n'kuuza aliyense kuti atembenuze tsamba lomwe lada m'mphepete. Kunsi kwake kunali tinkhungu toyera ta chiwawu. Kenaka anasankha mnyamata mmodzi kuti afotokozere mwini dimba, agogo ena, m'Chichewa, osati m'Chipwitikizi. Mnyamatayo anayamba ndi mawu a m'buku, agogowo akungomuyang'ana, mpaka anati, "Agogo, matendawa amakonda chinyezi ndi kazizira, mukadikira kuti munda wonse upse, mankhwala sathandizanso." Apo m'pamene agogo anagwedeza mutu. M'chikwatu chake ndinapezamo mayeso a semesita yapita okhala ndi funso lomwelo: lembani mmene mungauzire mlimi wa ku Tsangano. Pa pepala lililonse analembapo ndemanga ndi cholembera chofiira, zina mizere inayi. Zoterezi palibe fomu yomwe ikanatiuza.

Zovuta zilipo. Kuwerenga zikwatu kumadya nthawi, makamaka kukagundana ndi nyengo yochonga mayeso. Ena akadziwa tsiku lomwe tikubwera amakonza phunziro la chionetsero, mawa lake n'kubwerera kowerengera ophunzira manotsi. Ndipo pali ulemu wathu uja: wamkulu akakhala kumbuyo kwa kalasi, wachinyamata amauma pakamwa, ndiye pokambirana pambuyo pake amangoti "inde, Dotolo" ngakhale pamene iye ndi amene akulondola. Kuyambira mu Ogasiti tinayamba kutumiza wamkulu mmodzi ndi wamsinkhu wake mmodzi, ndipo zokambirana zinamasuka.

Chomwe chikundiwawa ndi ichi. Pa 12 Okutobala, tsiku la aphunzitsi, tinam'patsa mayi uja satifiketi, tinaomba m'manja, tinadya mpunga ndi nkhuku. Koma makwerero ochoka pa assistente estagiário kupita pa assistente mpaka professor auxiliar amayang'ana kwambiri mestrado (digiri yachiwiri), doutoramento (digiri ya udokotala) ndi zofalitsa za kafukufuku. Maola omwe iye amathera pa ndemanga zofiira zija ndi omwewo amene mnzake akulembera pepala lomukweza. Anandifunsa mosabisa ngati apitirize kuchonga motero, ndipo ndinamuuza kuti apitirize, koma mtima wanga sunakhazikike.

Kwa madipatimenti ena amene akuganiza zoyesa: yesani, ndalama zake ndi za mapepala basi. Mafomu a ophunzira musawataye, koma muziwagawa magiredi asanatuluke. Ife chaka chamawa tikupempha zinthu ziwiri ku khonsolo ya fakote: wopambana achepetseredwe turma (kalasi) imodzi kwa semesita yathunthu, komanso akhale patsogolo pamndandanda wa opita ku maphunziro apamwamba. Kalata yake talemba kale, tikaipereka pa msonkhano wa mu Disembala.