Kompyuta ya 386 yokhala ndi Windows 3.1 ndi Borland C++ 3.1: nyenyezi zitatu

Makinawo ndi abwino, koma achimwene amene anandigulitsa aja ndiye ayi. Pa K85,000 ija ananditsimikizira kuti zonse "zikuyenda bwinobwino", RAM ndi 4 MB, compiler (pulogalamu yosandutsa code imene walemba kukhala pulogalamu yoyenda) ili kale m'katimo. Kufika kunyumba, ndikatsegula BC.EXE (fayilo yoyambitsa Borland C++) mu Windows, Program Manager (windo lalikulu la Windows) amazimiririka, sikirini n'kuda, kenako compiler n'kudandaula kuti memory ndi yochepa. Pulogalamu ya mizere yowerengeka chabe, osatheka.

Nditawaimbira anati compiler ya DOS siyenda mu Windows, ndizituluka kaye. Bodza lenileni. Nditaumirira anandiuza kuti ndiwonjezere ndalama andiikire RAM ina, ndipo apa m'pamene mtima unandiwawa. Ndinatsegula Help, About Program Manager, pansi pake palembedwa Standard Mode. Pa 386! Mode imeneyo ndi ya makina a 286, ndipo pulogalamu ya DOS imatenga sikirini yonse Windows ili pambali. Borland C++ 3.1 imadalira njira yotchedwa DPMI kuti ifike pa memory yopitirira 640 KB, ndipo Windows imapereka yokha DPMI ku mapulogalamu a DOS ikakhala mu 386 Enhanced Mode. Mode imeneyi imafuna 2 MB basi, ine ndili ndi 4.

Ndiye memory inapita kuti? Mu CONFIG.SYS (fayilo imene DOS imawerenga ikamayaka) munali RAMDRIVE.SYS, yosandutsa RAM kukhala disiki, yodya 2048 KB yathunthu, disikiyo yopanda kanthu, SMARTDRV (yofulumizitsa disiki) nayo ikudya yake. Windows inaona zotsala zikuchepa n'kudzitsitsa yokha ku Standard Mode. Munthu amene amati ndi katswiri sanaone zimenezi, kapena anaona koma amafuna agulitse RAM. Ine ndikukhulupirira chachiwiricho.

Nditachotsa mzere wa RAMDRIVE uja n'kulemba win /3 (lamulo loyambitsa Windows mu Enhanced Mode), zinthu zinasintha. Compiler ikuyenda m'kawindo, Alt+Enter ikubweza sikirini yonse, ndipo mu PIF Editor (mosinthira kayendedwe ka mapulogalamu a DOS mu Windows) ndinakweza malire a XMS (memory yopitirira 1 MB) kuti isamapanikizike. Ndinaikanso permanent swap file (malo a pa disiki ogwira ntchito ngati RAM yowonjezera). Kunena zoona, kuona 386 ikumanga pulogalamu uku Notepad ili yotsegula pambali kunandichotsa mkwiyo pang'ono. Kiyibodi nayo ndi yolimba, ndipo disiki ilibe bad sector ngakhale imodzi, pamenepo sananame.

 Mukagula kwa achimwene amenewa, tsegulani CONFIG.SYS muli pomwepo musanapereke ndalama.