Bokosi la zipangizo za sayansi za sekondale: gulani, koma litsegulidwe musanalipire

Masitolo ogulitsa katundu wa sukulu muno mu Harare ali ndi bokosi limene amati likukwanira bayoloje, kemisitiri ndi fizikisi kuyambira Form 1 mpaka Form 4. Mayina a pa chivundikiro amasiyana koma zam'kati zimafanana: magalasi a mu labotale, maikulosikopu imodzi kapena ziwiri, mabatire ndi mawaya, maginito, malenzi ndi timabotolo ta mankhwala. Makomiti a makolo ku Mufakose, Highfield, Dzivarasekwa ndi Epworth amakopeka nalo chifukwa zonse zimabwera pamodzi pa mtengo umodzi. Nzeruyi si yachilendo m'dziko muno, pakuti m'zaka za m'ma 1980 pulogalamu ya ZimSci inkapereka mabokosi otere ku masukulu atsopano opanda labotale. Maganizo athu ndi akuti bokosili n'loyenera kugula chifukwa cha magalasi ndi zipangizo za fizikisi, koma mankhwala ake ndi maikulosikopu yake musazikhulupirire musanaziyese.

Wogulitsa adzakuuzani kuchuluka kwa zinthu zam'bokosi, ndipo powerenga amaphatikiza chitsekerero chilichonse ndi kawaya kalikonse. Inu aphunzitsi funsani funso lina: ndi magulu angati a ana amene angagwire ntchito imodzi pa nthawi imodzi? Kalasi ya ana 50 ogawidwa asanuasanu ndi magulu 10. Ngati m'bokosi muli maburette (machubu agalasi a mpopi oyezera madzi a mankhwala) awiri okha, mphunzitsi ndiye adzachita titration (kuyeza mphamvu ya asidi kapena alkali podontheza) kutsogolo ana akungoyang'ana, ndipo mwana amene sanagwirepo burette amaonekera msanga pa mayeso, kaya a ZIMSEC kaya a Cambridge. Ndi bwino kusiya zithunzi zopachika pakhoma ndi chigoba cha munthu cha pulasitiki, ndalamayo n'kuwonjezera maburette, mapipette, mathermometer ndi maammeter mpaka afike 10 chilichonse.

Magalasi ambiri ndi abwino. Yang'anani chizindikiro cha Boro 3.3 pa beaker ndi pa conical flask iliyonse. Limeneli ndi galasi la borosilicate lopirira moto. Chinyengo chimabisala m'matest tube, amene nthawi zambiri amakhala a galasi wamba la mabotolo ndipo amasweka msanga pa lawi. Otero asungireni ntchito zosafuna moto, ndipo potenthetsa gulani maboiling tube a 25 mm m'lifupi ndi 150 mm m'litali. Burette ya 50 cm³ idzazeni madzi, muitseke, muisiye mphindi 10 pa stand: dontho likaoneka kunsonga, ibwezeni. Sankhani ya mpopi wa pulasitiki ya PTFE, chifukwa mpopi wa galasi umamatirira ukagona ndi sodium hydroxide, ndipo ana poukakamiza amathyola khosi la burette. Pipette ya 25 cm³ muiyese pa sikelo: madzi ake azilemera pafupifupi 24.9 g. Pipette iliyonse ikhale ndi filler yake, mwana asakoke asidi ndi pakamwa.

Sikelo ya m'bokosi imawerenga mpaka 0.1 g basi. Pa Form 1 ndi 2 ikukwana, pa titration ikuperewera. Kuti mupange 250 cm³ ya sodium carbonate ya 0.05 mol/dm³ pafunika 1.325 g, ndipo sikelo yongotha kunena 1.3 g ikusocheretsani musanayambe n'komwe. Sukulu igule imodzi ya 0.01 g yotha kuyendera mabatire, poti magetsi a ZESA sasankha ola lothima.

Thermometer ndiyo imabweretsa mkangano wosafunika pakati pa masukulu ndi ogulitsa. Harare ali pamtunda wa pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya umapanikiza pang'ono, choncho madzi amawira pa 95 °C kapena pafupi pamenepo, osati pa 100 °C. Thermometer yosonyeza 95 m'madzi owira ndi yolondola. Yosonyeza 100 kuno ndiyo yolakwa. Ethanol nayenso, amene mabuku amati amawira pa 78 °C, kuno amawira cha pa 74 °C. Yesani zonse pamodzi mu beaker imodzi ya madzi owira, kenako mu ayezi wosungunuka pomwe ziyenera kusonyeza 0 °C, ndipo yosiyana ndi zinzake ndi madigiri oposa awiri muichotse. Ana auzidwe chifukwa chake, chifukwa ambiri amafufuta 95 amene aona ndi maso awo n'kulemba 100 wa m'buku, ndipo chizolowezi chimenecho ndicho choipa kwambiri chimene mwana angatenge mu labotale.

Bunsen burner funsani ngati ndi ya LPG, gasi wa m'masilinda. Ife timagwiritsa ntchito gasi ameneyu, ndipo burner yopangidwira natural gas ili ndi kabowo kokulirapo: pa LPG imatulutsa lawi lalitali lachikasu lodetsa magalasi ndi mwaye ngakhale mutsegule polowera mpweya ponse. Ma spirit burner a m'bokosi amagwira ntchito bwino pa zambiri za O Level. Asathiridwe spiriti akuyaka kapena akadali otentha, ndipo botolo la spiriti likhale kunja kwa chipinda.

Tsopano mankhwala, pomwe pagona vuto lenileni. Timabotolo tambiri tilibe tsiku lopangidwa, tina tilibe ngakhale mphamvu ya mankhwalawo, ndipo bokosi limatha kukhala m'sitolo miyezi yambiri kudutsa kutentha kwa October. Hydrogen peroxide amasanduka madzi pang'onopang'ono, makamaka ali m'botolo loonekera mkati. Thirani pang'ono pa kachidutswa ka chiwindi chachiwisi, ndipo thovu likapanda kufufuma nthawi yomweyo ndiye kuti anatha. Gulani wa 20 volume, amene ndi 6%, ku famase sabata yomwe mukumufuna. Iron(II) sulphate ayenera kukhala wobiriwira motuwa. Akayamba chikasu kapena bulauni wasanduka iron(III), ndipo ndi sodium hydroxide apereka mtundu wolakwika. Musungunuleni tsiku lomwelo ndi madontho a sulphuric acid wosungunula. Sodium hydroxide amamwa chinyezi ndi carbon dioxide, ndiye mukapeza timibulu take titaundana kukhala chibuma chimodzi, 4.0 g pa lita sakupatsaninso 0.1 mol/dm³. Magnesium ribbon yotuwa sinafe, ingoikwechani ndi sandpaper mpaka iwale.

Hydrochloric acid werengani chizindikiro chake. Wogulitsidwa kwambiri kuno ndi wa 32%, amene ndi pafupifupi 10 mol/dm³, pamene mabuku ambiri amawerengera wa 36%. Kuti mupeze lita imodzi ya 1 mol/dm³ pafunika 98 cm³ ya wa 32%, koma 86 cm³ ya wa 36%. Mukatsata buku osaona botolo, asidi atuluka wofooka ndipo ana onse apeza titre (kuchuluka kwa asidi wotuluka mu burette) yoposa imene mukuyembekeza. Asidi ndiye amathiridwa m'madzi, pang'onopang'ono mukutakasa, osati madzi mu asidi. Mukasungunulanso kakhumi kufika 0.1 mol/dm³, yesani nokha: 25 cm³ ya sodium carbonate ija ndi methyl orange iyenera kusintha kuchoka chikasu kupita olenji cha pa 25 cm³ ya asidi.

Chimene bokosi silinena n'komwe ndi madzi. Masukulu ambiri amadalira mjigo, ena madzi a khonsolo ochokera ku Lake Chivero kudzera kumalo oyeretsera madzi a Morton Jaffray pa masiku amene abwera. Onsewa ali ndi mchere wosungunuka. Thirani silver nitrate m'madzi otere ndipo achita mbuu musanaikemo chloride wanu, phunziro lonse lawonongeka. Madzi a distilled amene amathira m'mabatire a galimoto amapezeka m'masitolo a masipeya ndi pa mafilling station. Onetsetsani kuti botolo ndi la madzi, osati la asidi wa batire, ndipo ayeseni kaye ndi dontho la silver nitrate. Limewater, yoyesera carbon dioxide, musagule: 2 g ya calcium hydroxide mu lita ya madzi amenewa, khutchumulani, agone usiku, sefani, tsekani zolimba.

Pa bayoloje, Benedict's solution ya m'bokosi, yoyesera shuga, imakhalitsa ndipo sitinaione vuto. Imalephera m'manja mwa oigwiritsa ntchito: madzi otenthetsera apose 80 °C kwa mphindi zisanu, ndipo shuga wa mu tiyi sasintha mtundu chifukwa ndi sucrose. Tengani glucose, nthochi yakupsa kapena madzi a anyezi. Iodine solution imazilala ikaona dzuwa. Pangani yanu posungunula 6 g ya potassium iodide m'timadzi tochepa, kuwonjezera 3 g ya iodine, kenako kudzaza lita, n'kusunga m'botolo la bulauni. Poyesa sitachi m'tsamba, ethanol atenthetsedwe m'madzi owira kale moto utazimitsidwa. DCPIP (yoyesera vitamin C) ndi amylase (yogaya sitachi) ndizo zimafa msanga, makamaka firiji ikamazima ndi magetsi. Amylase ali ndi mlowam'malo amene aliyense wodziwa kuphika thobwa ali naye: chimera. Sinjani supuni ziwiri, viikani mu 100 cm³ ya madzi ozizira kwa theka la ola, sefani ndi filter paper kawiri, ndipo muyese madziwo ndi iodine kuti mutsimikize kuti sitachi wa chimeracho sanadutse. Pa 35 mpaka 40 °C amagaya sitachi wa 1% bwino lomwe. Zoyesera zakudya zonse zili pa msika wa Mbare Musika: mtedza wa mafuta, nyemba ndi kapenta za mapuloteni, malambe a vitamin C.

Maikulosikopu ndiyo imasiyanitsa bokosi labwino ndi loipa. Yofunika ili ndi eyepiece ya ×10 ndi maobjective atatu agalasi, ×4, ×10 ndi ×40, kutanthauza kukulitsa ka 40, 100 ndi 400. Yolembedwa ×1200 pa katoni koma malenzi ake ndi apulasitiki ndi chidole: chithunzi chimakula koma chili mbuu. Pitani kusitolo ndi anyezi. Sendani kakhungu kam'kati, ikani dontho la iodine ndi cover slip, ndipo pa ×100 makoma a maselo ndi nucleus zioneke bwino kuyambira pakati mpaka m'mphepete. Mukapeza chithunzi chotsani dzanja kwa mphindi imodzi; chikasowa chokha ndiye kuti chowongolera chikutsetsereka. Onaninso ngati ili ndi choletsa kuti objective ya ×40 isagunde slide. Ya nyali ya LED yotchajidwa ikuposa yolumikiza kukhoma. Ya kalilole ndi yabwinonso pafupi ndi zenera, koma kalilole asaloze dzuwa lenilenilo, mwana angapse diso. Kuyambira November mpaka March chinyezi chimameretsa nkhungu m'malenzi, ndipo ikalowa siichoka. Sungani m'kabati youma ndi timapaketi ta silica gel, osati m'thumba la pulasitiki lomanga.

Mbali ya fizikisi ndiyo yotikondweretsa. Zoikamo mabatire, maswitch, maammeter a 0 mpaka 1 A ndi mavoltmeter a 0 mpaka 5 V n'zolimba mokwanira. Mababu ndi a 2.5 V, 0.3 A: mabatire awiri amawayatsa bwino, atatu amawapsereza, ndiye gulani ena 50 osungira. Mawaya ndiwo ofooka, amaduka mkati pafupi ndi crocodile clip kunja akuoneka abwino, ndipo gulu la ana limataya phunziro lonse likufufuza cholakwa chimene si chawo. Yesani waya aliyense ndi multimeter kumayambiriro kwa teremu. Waya wa resistance kawirikawiri alibe dzina. Yezani resistance ya mita imodzi ndi multimeter. Pa waya wa 28 swg (nambala ya kunenepa kwa waya), constantan amapereka pafupifupi 4.4 Ω, nichrome pafupifupi 9.7 Ω. Lembani pa chokulungira.

Ray box imafuna 12 V, ndipo power supply ndi imodzi yokha. Batire la sola kapena la galimoto limaiyendetsa, koma mapini ndi bolodi lofewa zimalola magulu onse kugwira ntchito popanda magetsi. Glass block muiyese motere: kuwala kolowa pa 30° kupindike kufika pakati pa 19° ndi 20°. Lenzi iliyonse ilozetseni mtengo wakutali, mupeze chithunzi pakhoma, muyeze mtundawo. Ndiyo focal length yeniyeni, ndipo si nthawi zonse imagwirizana ndi yolembedwa pa kathumba. Pendulum ya 1.00 m ipite n'kubwera ka 20 m'masekondi pafupifupi 40. Ma plotting compass ena amakakamira: anawalinganizira kumpoto kwa dziko lapansi, pamene kuno mphamvu ya maginito ya dziko imapendeka kwambiri mbali ina, singano n'kumakhula pagalasi. Ayeseni m'sitolo momwemo, ndipo asagone m'thireyi imodzi ndi maginito chifukwa singano zimatembenuka. Ndodo za electrostatics zidikire June kapena July kukauma. Nthawi ya mvula sizigwira ngakhale kapepala.

Magogolosi oteteza maso m'bokosi ndi ochepa kwambiri, ndipo apa a komiti musanyengerere: mwana aliyense wogwira asidi, alkali kapena moto akhale ndi ake. Ndowa ya mchenga, bulangeti lozimitsira moto ndi botolo la madzi oyera otsukira m'maso siziphatikizidwa. Pemphani wogulitsa alembe pa pepala la mtengo kuti chilichonse cholephera mayeso amenewa m'sabata yoyamba adzachisintha, ndipo mphunzitsi wa sayansi akhalepo tsiku lolandira katundu, ali ndi anyezi, multimeter ndi ketulo ya madzi owira.