Kachipatala ka ziweto ku Blantyre kanandichiritsira galu khansa, koma mbuzi yanga inapita

Galu wanga Tayiga anayamba kudontha magazi kumaliseche, m'mawa timapeza timadontho pakhonde pomwe wagona. Ine ndimangoti walumana ndi anzake, si mukudziwa agalu a kuno ku Nchalo usiku sakhala pakhomo. Ndinapita pa shopu ina ya mankhwala a ziweto, mnyamata wa pakauntala osafunsa nkomwe zambiri anangondigulitsa oxytetracycline yemwe uja timabaya ng'ombe ndi mbuzi. Ndalama yotaya. Patapita masabata kunatuluka chotupa chofiira cha tinthutinthu ngati kolifulawa, ndiye ndi dzuwa la Okutobala la kuno kuchigwa, ntchentche zake osanena.

Mlamu wanga ndi amene anandilozera kachipatala kena ka ziweto ku Blantyre. Adokotala ake ndawapatsa ulemu, sanathamangire jekeseni ayi, anapaka kagalasi pachotupa nkukayang'ana pa maikulosikopu kenako anandikhazika pansi. Akuti ndi khansa yotchedwa TVT, agalu amapatsirana akamakwerana, ndipo chomwe chimachoka kwa galu wina kupita kwa mnzake ndi maselo enieniwo a chotupacho, nthawi zina chimamera mphuno kapena pakamwa chifukwa chonunkhizana ndi kunyambitana. Ine khansa yopatsirana ndinali ndisanaimvepo chibadwire. Funso loyamba la mayi a kunyumba pa foni linali la ana, poti amasewera naye, adokotala anati munthu sangatenge, mtima unakhala pansi.

Mankhwala ake ndi vincristine, amabaya mumtsempha kamodzi pa sabata, agalu ambiri amachira ndi majekeseni 4 mpaka 6. Tayiga analandira 5. Amameta kaye ubweya pamwendo wakutsogolo, kulowetsa kanula (kapaipi kakang'ono ka mumtsempha), avala magolovesi, nkumakankha pang'onopang'ono wina atamugwira mutu, chifukwa mankhwalawa akatayikira kunja kwa mtsempha amawotcha mnofu mpaka chilonda. Nditaona zimenezo ndinasiyiratu maganizo oti ndingogula botolo ndizikabaya ndekha kunyumba. Atabayidwa kachiwiri magazi anasiya, chotupa chija nkuyamba kufota. Koma tsiku lotsatira jekeseni amafooka, kamodzi anasanza, nsima ya mitu ya nsomba za makakana yomwe amaikonda kuingoyang'ana basi.

Tsopano zondiwawa. Tsiku lina tinakwera Thabwa yonse ija, galu ali wefuwefu kumbuyo kwa Probox ya hayala poti makondakitala a minibasi samafuna kumva za galu, kukafika akuti mankhwala atha mubwere mawa. Nambala yanga ali nayo pa khadi, kuimba kokha kunawavuta chani? Munthu wochokera kutsidya kwa Kamuzu Bridge sumamuuza kuti abwere mawa ngati akukhala ku Sunnyside. Anapepesa, ulendo wotsatira sanandilipiritse ya konsaliteshoni, komabe ya hayala inali itapita. Zonse pamodzi ndinagulitsa mbuzi, ndipo yambiri inathera mumsewu osati pamankhwala. Madokotalawa akanamatsika ngakhale kamodzi pa sabata pa Dyeratu kapena Ngabu akanapeza agalu ambiri, ndawaona angapo pamsika akudontha chimodzimodzi.

Nyenyezi ndikuwapatsa 4 mwa 5. Anandiuza kuti Tayiga akabwerera mphamvu ndikamufule kuti asiye kuyendayenda angakatengenso, pano ndikudikira ya kumapeto kwa mwezi, usiku akugona pa tcheni ndipo akulira mpaka aneba ayamba kudandaula.