Bala ina ya pa Dedza boma: malo abwino, mitengo yosalembedwa ndi lamulo loluma ena okha

Pa Dedza boma, chapafupi ndi msewu wolowera m'tauni kuchokera ku M1, pali malo ena omwera mowa amene amakonda kudzaza ndi aphunzitsi, ogwira ntchito m'maofesi a boma ndi anthu ochita malonda a mbatatesi. Dzina lake sindilitchula, chifukwa zina mwa zimene ndinene pano n'zodandaula ndipo mwini wake sanapatsidwe mpata woyankhapo. Pakhomo polowera analembapo ndi penti yofiira kuti mowa wochokera kunja saloledwa ndipo wopezeka nawo sadzaloledwanso kulowa. Mawu amenewa ndi amene achititsa kuti malowa akhale m'kamwam'kamwa pa boma pano, kotero ndemanga yanga ikhala kwambiri pa lamulo limeneli ndi pa mitengo imene imachititsa anthu kuliphwanya.

Zabwino za malowa zilipo ndipo n'zosabisika. Mowa umakhala wozizira nthawi zonse, popeza magetsi akazima jenereta imalizidwa mosachedwa. M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu cha ku Dedza chimalowa mpaka m'mafupa, amayika mbaula pakhonde kuti anthu aziwotha. Zimbudzi n'zaukhondo ndipo zili ndi madzi, chinthu chimene mabala ambiri a m'mbali mwa M1 amachinyalanyaza. Kuseri kuli mnyamata wowotcha kanyenya wa mbuzi ndi wina wa chiwaya, ndipo Loweruka kumapezeka mang'ina ophikidwa bwino. Wailesi ya kanema ndi yaikulu, moti tsiku limene Bullets ikusewera ndi Wanderers, kapena pamene pali mpira wa ku England, wobwera mochedwa amaonera chiimire.

Nkhani ya mitengo ndi imene ili yovuta, ndipo tiyenera kuvomereza kuti kukwera kwa mowa sikunayambire pa kauntala ya bala imeneyi. Mowa wambiri wa m'mabotolo umene timamwa, monga Carlsberg Green, Special Brew ndi Kuche Kuche, umafululidwa ku Blantyre ndi kampani ya Castel Malawi, imene inatenga fakitale ya Carlsberg mu 2016. Zina mwa zipangizo zofululira mowawu zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 komanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Pamwamba pa zimenezi pali msonkho wa boma ndi mtengo wa mafuta onyamulira makireti ulendo wa makilomita oposa 200 kudzafika kuno. Munthu woganiza bwino sangayembekezere kuti botolo likhale pa mtengo wa zaka zisanu zapitazo. Sangayembekezerenso kuti mtengo wa mu bala ufanane ndi wa m'sitolo, chifukwa wa mu bala umalipiriranso mpando, nyimbo, mlonda ndi makala a pa mbaula paja.

Chimene chimandivuta pa malo ano n'chakuti mitengoyo sinalembedwe paliponse. Mwini malo anapeza penti yolembera chiletso pakhomo, koma sanapeze choko cholembera mtengo wa botolo pa bolodi. Malinga ndi mmene ndaonera, ndalama yogulira mabotolo atatu pano ingagule anayi ku mabotolo sitolo a kufupi ndi msika, ndipo kusiyana kotereku n'kopiririka. Koma mtengowo sukhazikika. Masana umakhala wina, usiku ukakhwima umakwera, ndipo tsiku la mpira waukulu umakweranso popanda chidziwitso chilichonse, kotero munthu amene waitanitsa raundi ya anzake amadzadziwa zoona zake pa nthawi yolipira. Ukafuna kulipira pa foni, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, amakuuza kuti uwonjezere yotapira, ndipo kuchuluka kwa yotapirayo kumadalira amene ali pa kauntala tsiku limenelo. Pa mowa waukali zinthu zimanyanya. Toti ya Malawi Gin kapena ya Premier Brandy amayeza ndi maso m'malo mwa kachipangizo koyezera, ndipo mukawerengera matoti amene amatuluka m'botolo limodzi, mupeza kuti botololo lagulitsidwa pa mtengo woposa kawiri wa m'sitolo.

Apa ndi pamene anthu amayambira kubwera ndi mowa wawo. Ku Dedza ndi ku Ntcheu chiyeso chimenechi n'chachikulu kuposa m'maboma ena, chifukwa malire a dziko la Mozambique ali pakhomo penipeni. Chipata cha Dedza chili pafupi ndi tauni, ndipo kulowera ku Ntcheu pali madera, monga pa Lizulu, amene msewu wa M1 ndiwo malire, moti munthu akangodumpha msewu wafika m'dziko lina. Mowa wa tsidya ilo, monga 2M, Manica ndi Laurentina, anthu akuno anauzolowera kalekale, pamodzi ndi mowa waukali wa m'timabotolo tating'ono umene umalowa m'thumba la jekete osaoneka. Kuchokera pamene boma linaletsa mowa wa m'masacheti, timabotolo totere, tapulasitiki ndi tagalasi tomwe, ndi timene tinalowa m'malo. Njira zake aliyense amazidziwa. Wina amagula Coca-Cola mmodzi n'kumathiramo pansi pa tebulo, wina amapita kuchimbudzi pafupipafupi, ndipo wina amatuluka ngati akukayankha foni n'kubwerera maso atafiira. Ena amathira kachasu m'botolo la madzi akumwa, poiwala kuti fungo lake silibisika.

Pa mfundo yeniyeni ya lamuloli ine ndili kumbali ya mwini bala. Iye amalipira layisensi yogulitsira mowa ku khonsolo, amalipira lendi, antchito ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi ya kanema, ndipo zonsezi zimachokera pa phindu la zakumwa. Munthu sapita kumalo odyera atanyamula nsima yake n'kukapempha mbale ndi mpando. Palinso chifukwa chachikulu kuposa phindu. Mowa wolowa m'dziko mozembetsa ulibe chidindo cha msonkho cha bungwe la MRA, ndipo ukapezeka pa matebulo a bala, woyamba kufunsidwa ndi mwini malo, osati wakumwa amene wathawa kale. Komanso mowa wosadziwika kumene wachokera ukhoza kupha. Ambiri akukumbukira kuti mu 2024 anthu angapo anamwalira mumzinda wa Blantyre atamwa mowa woopsa umene unkagulitsidwa motchipa. Munthu akagwa pansi mu bala atamwa zimene wabwera nazo m'thumba, mbiri imene imamveka m'tauni ndi yakuti wamwa mowa wa pa bala yakutiyakuti. Choncho wogulitsa ali ndi ufulu wonse wokana kuti mowa wachilendo umwedwe pamalo pake.

Koma kukhala ndi lamulo labwino ndi kuliyendetsa bwino ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pa kayendetsedwe ndi pamene malowa andikhumudwitsa. Loweruka lina madzulo mnyamata wina wa kabaza, amene anali atagula kale mabotolo awiri ndi mbale ya chipisi, anagwidwa akuthira kabotolo ka brande m'galasi. Baunsa anamuimika pakati pa anthu, anamupisa m'matumba, anataya mowawo pansi ndipo analankhula mokweza kuti aliyense amve: “Achimwene, tulukani, ndipo musadzapondenso pano.” Mnyamatayo anayesa kupepesa, nati, “Pepani bwana, ndalakwa, lolani ndimalize zimene ndagula ndizipita.” Sanamumvere. Anamukankhira kunja, ndipo botolo limene analipira kale linatsala pa tebulo. Palibe chenjezo loyamba, palibe buku lolembamo oletsedwa, ndipo palibe amene amanena kuti chiletsocho chitha liti. Zonse zili m'mutu mwa baunsa. M'tauni yaing'ono ngati Dedza, kumene wokuthamangitsa usiku ukakumana naye mawa kumsika kapena kutchalitchi, manyazi otere ndi chilango cholemera kwambiri poyerekeza ndi kabotolo kamodzi.

Madzulo omwewo, pabwalo loimikapo magalimoto, mkati mwa mpanda womwewo, panali gulu la abambo amene anatsekula buti ya galimoto yawo n'kutulutsa bokosi lozizira lodzaza ndi mowa wa m'zitini ndi botolo la wisiki. Antchito a pa bala ankawapititsira mipando, magalasi, ayisi ndi kanyenya, akuwerama mwaulemu. Nditafunsa mtsikana woperekera zakumwa chifukwa chake amenewo sakukhudzidwa ndi lamulo la pakhomo, anandiyankha motsitsa mawu kuti, “Amenewo ndi mabwana, bambo, amagula nyama yambiri, ndiye abwana athu anati tisamawavute.” Sindikumuimba mlandu mtsikanayo, chifukwa iye amangotsata zimene wauzidwa. Koma yankho lake likuonetsa kuti chiletso chimene chili pakhomo chimagwira amene mowa wake ukukwana m'thumba la jekete, pamene amene mowa wake ukudzaza buti amapatsidwa ndi mpando womwe. Ngati chifukwa cha lamuloli ndi kuteteza malonda, a pa galimoto aja amaluzitsa bala ndalama zambiri usiku umodzi kuposa mmene wa kabaza angachitire mwezi wathunthu. Ngati chifukwa chake ndi kuopa mowa wozembetsa, zitini zimene ndinaziona m'bokosi muja sizinali zofululidwa ku Blantyre.

Mwina mwini malo anganene kuti phindu la nyama limakwirira zimene wataya pa mowa, ndipo m'mawerengero ake zikhoza kukhala zoona. Ngati zili choncho, ndiye kuti mowa wakunja ndi wololedwa kwa amene walipira mwa njira ina, ndipo chilungamo chikufuna kuti njirayo ilengezedwe kwa onse. Mahotela ena ndi malo ochitira maukwati m'mizinda amalola munthu kubwera ndi botolo lake la vinyo kapena la wisiki, bola alipire ndalama yodziwika yotsekulira botololo pamalopo. Bala ino ikhoza kuchita chimodzimodzi, makamaka pa zakumwa zimene iyo sigulitsa, ndi kukana kotheratu kachasu ndi mowa uliwonse wopanda chidindo, kaya wabwera m'thumba kaya m'galimoto. Wogwidwa koyamba angathe kuitanidwa pambali, kuuzidwa kuti asiye botolo lake pa kauntala n'kudzalitenga potuluka, ndipo chiletso chisungidwire obwereza dala, a ndewu ndi ovutitsa amayi. Chodabwitsa n'chakuti pa milandu ikuluikulu imeneyi malowa ndi ofewa. Ndaonapo bambo wina amene anaswa magalasi ndi kutukwana woperekera zakumwa atakhala pa mpando wake womwewo sabata yotsatira.

Bolodi la mitengo nalonso lingachepetse vutoli kuposa mmene baunsa angachitire. Anthu ambiri amene amabisa kabotolo si akuba, koma ndi anthu amene malipiro awo sanakwere mofanana ndi mtengo wa zinthu, ndipo amafuna kukhala pakati pa anzawo ndi kuonera mpira popanda kuwononga ndalama ya ufa. Munthu wotere akadziwiratu mtengo amawerengera thumba lake, amamwa mabotolo awiri n'kubwerera kunyumba. Akamaopa kuti mtengo usintha pakati pa usiku, amadzitchinjiriza ndi kabotolo ka pa msika. Bala ikanathanso kusunga zakumwa zotsika mtengo, monga Chibuku cha m'botolo, koma zikuoneka kuti mwini wake amaona ngati chingatsitse ulemu wa malo ake, ngakhale kuti ofuna chakumwachi ndi ambiri mwa makasitomala ake a masiku onse.

Poyerekeza ndi malo ena a pa boma pano, bala ino ikadali patsogolo pa ukhondo, chitetezo cha galimoto ndi njinga, ndi ubwino wa nyama. Mabotolo sitolo a kufupi ndi msika ndi otchipa, koma umamwera pakhonde, pamphepo, ndipo chimbudzi chake ndi bwino osachifotokoza. Amene akufuna kukhala ndi mlendo wochokera ku Lilongwe kapena kuonera mpira mosasokonezedwa sangalakwitse kubwera pano, makamaka masana ndi kumadzulo kusanade, pamene mitengo imakhala isanayambe kuyendayenda. Afunse mtengo wa chakumwa chilichonse asanatsekulitse, alipire raundi iliyonse nthawi yomweyo m'malo molembetsa, anyamule ndalama m'manja kuti apewe yotapira, ndipo ngati amakonda gin kapena brande, aime pa kauntala pamene toti ikuthiridwa. Kabotolo ka m'thumba akasiye kunyumba. Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zitatu, ndipo ziwiri zimene ndachotsa ndi za bolodi la mitengo limene palibe ndi za zimene zimachitika pabwalo la magalimoto.