Dandaulo la mpanda wa leylandii ku khonsolo: ndinalipira zambiri, koma dzuwa labwerera

Kuseri kwa nyumba yathu kuno ku England ndili ndi kadimba komwe ndimadzala mpiru ndi maungu, makamaka chifukwa cha nkhwani. Dzuwa kuno ndi losowa kale. Ndiye aneba anangousiya mpanda wawo wa leylandii, mitengo yomwe imatha kutalika pafupifupi mita imodzi pachaka, mpaka unapitirira denga la shedi kawiri. Masamba a maungu anachita chikasu, zovala pachingwe osauma, kukhitchini kuyatsa magetsi masanasana.

Ndinakagogoda kawiri. "Bambo, chonde mutaudulako pang'ono mpandawu." Ankangoti aona. Kenako ndinawalembera kalata, ndipo ndinachita bwino kusunga kope, chifukwa khonsolo siimva dandaulo popanda umboni woti munayesa kukambirana nokha.

Zitakanika, ndinakadandaula ku khonsolo. Lamulo lake ndi gawo 8 la Anti-social Behaviour Act 2003, lomwe linayamba kugwira ntchito ku England mu 2005. Mpandawo ukhale wa mitengo iwiri kapena kuposerapo yosayoyola masamba, wotalika kupitirira mamita 2. Mtengo umodzi sawerengera, za mizu sakhudzako.

Chimene chinandiwawa ndi ndalama. Wodandaula ndiye amalipira, mapaundi mazana angapo, pamene wovutitsayo salipira kalikonse ku khonsolo. Kwa ine wogwira ntchito yosamalira okalamba, imeneyo inali ndalama ya mashifiti ambiri. Kudikiranso kunatalika, miyezi ndithu, maimelo anga ena osayankhidwa.

Koma mayi wa ku khonsolo amene anabwera kudzaona anagwira ntchito yake bwino kwambiri. Anayeza mpanda, anayeza dimba, anafunsa komwe dzuwa limatulukira, anaima pawindo la kukhitchini n'kuyang'ana yekha mdimawo. Anamvanso mbali ya aneba, omwe ankati mpandawo umawateteza kumaso a anthu, ndipo ndinaona kuti nawonso ali ndi mfundo. Mayiwo anandiuziratu kuti khonsolo singalamule kuzula mitengoyo kapena kuidula kutsika pa mamita 2.

Chikalata cholamula kudula chinatuluka, koma tinadikirabe kuti mbalame zimalize kuswa, popeza lamulo limateteza zisa. Aneba anadula mu Seputembala.

Amene mpanda wakutsekerani dzuwa, njirayi imathandiza, bola mukhale ndi makalata, zithunzi ndi ndalama. Aneba aja moni amayankha mwapansipansi mpaka lero, ndipo zimandipweteka. Sabata yatha ndinawasiyira maungu awiri pakhomo.