Chikwangwani cha Chithunzi kapena cha Mawu: Wamalonda wa ku Mulanje Asankhe Chiti?

Wamalonda wofuna chikwangwani pa Chitakale kapena pa Limbuli angathe kujambulitsa chizindikiro, monga tsamba la tiyi, chinanazi ndi Phiri la Mulanje, kapena kulembetsa mawu okha.

Chizindikiro chimagwira mtima chifukwa anthu anachizolowera kale. Mtundu wofiira umakumbutsa Airtel, wobiriwira TNM, munthu asanawerenge chilembo n'chimodzi chomwe, ndipo kufupi ndi malire a Muloza, kumene ogula ena amachokera ku Mozambique, chithunzi chimamveka kwa wolankhula Chilomwe, Chichewa ngakhalenso Chipwitikizi. Vuto lake n'lakuti phiri lomwelo likajambulidwa pa golosale, pa malo ogona alendo ndi pa saluni, silisiyanitsanso malonda a wina ndi a mnzake.

Pa mtengo, mawu ndi otchipa, pamene chithunzi chimalira wojambula waluso ndi penti wamitundumitundu.

Pa kukhalitsa, mitundu imasuluka msanga ndi mvula yambiri ya kuno, koma zilembo zakuda zimapirira.

Pa kufotokoza, mawu ndiwo angatchule mtengo wa katundu ndi nambala ya foni.

Wogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wopita ku Blantyre, amene ogula ake amangoona ali m'galimoto, chizindikiro chimuyenera. Telala kapena wokonza mafoni, amene ntchito zake zimafunika kuzitchula imodziimodzi, ndi bwino alembetse mawu.